Chikuto chaphokoso ndi chimbale chopanda mawu

Nyimbo imalowa m'khutu, imakhala kanthawi mumtima, kenako imatha, ndipo palibe amene angaigwire m'manja n'kuionetsa kwa mnzake. Koma kuyambira pamene anthu anaphunzira kutsekera mawu m'mbale ya galamafoni n'kumaigulitsa m'sitolo, panabuka funso limene oyimba akale sankalidziwa: kodi chinthu chongomveka ndi makutu tichiveke chiyani kuti wodutsa achione ndi maso, aime, apise m'thumba? Funso limeneli lakhala likundizunguza kwa nthawi ndithu, makamaka pa nyimbo za ku Ulaya zimene amazitcha classical, zija za Bach, Handel, Beethoven ndi anzawo, chifukwa ndi pa nyimbo zimenezi pamene ndaona zikuto zonyansa kuposa zina zonse. Nditalitsata funsoli mpaka kumapeto, linakandifikitsa pa chinthu china chimene poyamba chimaoneka chosiyana nalo kwambiri, ndicho zimbale zimene mkati mwake simumveka chida chilichonse koma eni ake amati ndi nyimbo.

Kuno kuchigwa cha Shire nyimbo zimenezi sizinabwere kudzera m'maholo akuluakulu kapena m'magulu a mavayolini. Zinabwera ndi mishoni, m'mabuku a solofa ndi m'makwaya, ndipo ambiri a ife tinayamba kuyimba zidutswa za Handel tisanadziwe n'komwe kuti munthuyo anali wa dziko liti. Ine mbale zenizeni za galamafoni ndinaziona kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito kufupi ndi Ngabu, amene ankatiphunzitsa kwaya tili anyamata, ndipo iye anazilandira kwa wansembe wina wachizungu amene ankabwerera kwawo. Aliyense wodziwa dzuwa la kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, angathe kuganiza chimene chinazichitikira mbalezo. Zambiri zinapindika moti singano sikanayendanso pamenepo, ndipo galamafoni yake inali itafa kalekale. Chimene chinatsala ndi zikuto za makatoni, zina zodyedwa ndi chiswe m'mphepete, zonunkha fumbi ndi mphemvu. Choncho zithunzizo ndinazidziwa zaka zambiri ndisanamve nyimbo zake, ndipo pamene intaneti inafika pafoni n'kuyamba kumvera nyimbozo imodziimodzi, ndinatha kuyerekeza zimene chikuto chinandilonjeza ndi zimene khutu linakapeza.

Poyamba mbale sizinkakhala ndi zithunzi. Mbale zakale zozungulira ka 78 pa mphindi zinkagulitsidwa m'timatumba ta pepala lotuwa tokhala ndi bowo pakati kuti wogula awerenge dzina, ndipo popeza mbali imodzi inkatenga mphindi zinayi kapena zisanu zokha, nyimbo yaitali ya Beethoven inkafuna mbale zingapo zomangidwa pamodzi m'buku lachikuto cholimba chopanda chokongoletsa chenicheni. Zinthu zinasintha cha m'ma 1940, pamene mnyamata wina wojambula zithunzi pa kampani ya Columbia Records ku America, dzina lake Alex Steinweiss, ananyengerera mabwana ake kuti chimbale chilichonse chizikhala ndi chithunzi chakechake. Malonda anakwera, makampani ena anatengera. M'chaka cha 1948 kampani yomweyo inatulutsa mbale yaikulu ya LP, ya masentimita 30, yotenga mphindi zoposa 20 mbali imodzi, ndipo chikuto chake cha katoni chinakhala chikwangwani chachikulu chopempha kuti wina ajambulepo kanthu.

Wogulitsa nyimbo za woyimba wamoyo ntchito yake ndi yosavuta, chifukwa amangojambula nkhope ya mwini wake ndipo anthu amamuzindikira. Wogulitsa nyimbo za classical ali pa vuto lina. Wopeka nyimboyo anamwalira zaka mazana awiri kapena atatu zapitazo, nthawi zambiri makina ojambulira zithunzi asanakhaleko. Nyimbo zambiri zilibe mawu ndipo zilibe ngakhale mutu, zimangodziwika ndi nambala, yachisanu, yachisanu ndi chinayi, ndi zina zotero. Chinanso n'chakuti nyimbo yomweyomweyo inajambulidwa kale ndi magulu ambirimbiri, ku Berlin, ku Vienna, ku London, ku New York, moti kampani iyenera kupeza njira yoti wogula atole yake n'kusiya ya anzake, pamene zolembedwa zimene onsewo akuyimba ndi zimodzimodzi.

Makampani ambiri anayenda njira zodziwika. Deutsche Grammophon, kampani ya ku Germany imene inayamba mu 1898, inkaika chikwangwani chachikasu pamwamba, ndipo pansi pake kawirikawiri pankakhala nkhope ya wotsogolera oyimba. Herbert von Karajan, amene anatsogolera gulu la Berlin Philharmonic kwa zaka zoposa 30 mpaka mu 1989, anaoneka pa zikuto zosawerengeka atatsinzina, manja ali m'mwamba, mwakuti mwana wosadziwa akanaganiza kuti nyimbo zonsezo anazipeka ndi iyeyo. Ena ankangoika phiri, nyanja kapena dzuwa likulowa. Kampani ya Naxos, imene Klaus Heymann anaiyambitsa ku Hong Kong mu 1987 kuti azigulitsa ma CD otsika mtengo, inazolowera chikuto choyera chokhala ndi kachithunzi kakale pakati. Zikuto zoterezi zimatha kutopetsa maso, koma sindizitcha zonyansa, chifukwa sizinyoza nyimbo imene zaifungatira.

Zonyansa zenizeni zinabwera pamene ogulitsa anayamba kuopa kuti achinyamata sakufunanso nyimbo zimenezi. Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi mndandanda wa zimbale zotchedwa Westminster Gold, zimene kampani ya ABC Records ku America inkatulutsa m'zaka za m'ma 1970. Nyimbo zake zinali zojambulidwa kale, zambiri mwa izo zoyimbidwa ndi akatswiri enieni, ndipo chimene chinali chatsopano chinali chikuto chokha. Pa chimbale cha nyimbo za Richard Wagner anajambulapo mayi wosavala kumtunda atadziphimba pachifuwa ndi zivundikiro ziwiri za mateyala a galimoto ya Volkswagen, kutanthauza kuti zimenezo ndiye zida zankhondo za akazi a m'nthano zimene Wagner anayimba. Nthano zimenezo Wagner anazilembera masewero anayi oyimba amene pamodzi amatenga maola pafupifupi 15, ntchito imene inamudyera zaka zoposa 20 isanaonetsedwe yonse ku Bayreuth mu 1876. Munthu angathe kumukonda Wagner kapena kudana naye, ndipo zifukwa zodana naye zilipo, koma palibe chilichonse m'nyimbozo chimene chikugwirizana ndi nthabwala ya zivundikiro za mateyala.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chikuto china cha mumndandanda womwewo, cha The Planets, nyimbo ya Gustav Holst wa ku England imene gawo lake lililonse lili ndi dzina la pulaneti. Pamenepo anajambulapo mwamuna ndi mkazi atavala ngati anthu a m'mafilimu a kuthambo, zovala zochepa, atagwira timfuti tachidole. Holst anayamba kulemba nyimbo imeneyi mu 1914, ndipo gawo lake loyamba, la Mars, ndi la nkhondo. Limayenda ndi kugunda kumodzi kobwerezabwereza, kasanu pa muyeso uliwonse, kumene kumakula mosalekeza mpaka womvera amamva ngati chinthu cholemera chikumuyandikira ndipo sangachithawe. Mibadwo imene inadutsa m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu inamva maliro ake m'gawo limeneli. Wogula amene anakopeka ndi timfuti tachidole anakapeza chinthu chosiyana kotheratu ndi chimene analonjezedwa, ndipo wina amene nyimboyi ikanamukhudza mtima mwina anaidutsa chifukwa anaona ngati ndi zamasewera.

Chikuto chimagwira ntchito ya nkhoswe. Chimapita patsogolo kukalankhula m'malo mwa amene sangadzilankhulire yekha pa nthawiyo, ndipo nkhoswe yokokomeza, yonena kuti mnyamata ali ndi khola la ng'ombe pamene alibe, kapena yopanga nthabwala pa nkhani yofuna ulemu, imaononga banja lisanayambe. Ndiye kunyansa kumene ndikunena si kwa utoto wosasakanizidwa bwino kapena kwa zilembo zokhota. Zikuto za Westminster Gold zinajambulidwa ndi anthu aluso, makina awo anali abwino. Kunyansa kwake kuli pa kusakhulupirira kuti nyimboyo ingadzigulitse yokha, ndiponso pa kuganiza kuti wogula ndi munthu woti angakodwe ndi thupi la mkazi basi. Khalidwe limeneli silinathere m'zaka za m'ma 1970, chifukwa ngakhale m'ma 1990 makampani ena ankajambula atsikana oyimba vayolini atavala mosakwanira, ngati kuti zaka zonse zimene anathera akuphunzira chida chawo sizinali zokwanira kuwagulitsira chimbale.

Ndikayerekeza ndi makaseti athu a m'zaka za m'ma 1990, amene ankachokera ku Blantyre kwa O.G. Issa n'kufika pa misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndimaona kusiyana. Zikuto zake zambiri zinali zosalongosoka. Woyimba ankaima chilili atavala suti yomukulira, kumbuyo kwake kuli maluwa kapena galimoto, mitundu itasuluka, zilembo zitapanikizana, ndipo pambali pali kachizindikiro konyezimira ka COSOMA. Makwaya ankajambulitsa atandandalika pakhomo la tchalitchi, a kumbuyo osaoneka bwino nkhope. Wophunzira zojambula akanapeza zolakwika zambiri, koma zikutozo zinkanena zoona: munthu uyu ndi amene mumumve, anthu awa ndi amene ayimba. Zimene zimandikwiyitsa ndi zimbale zina za nyimbo za ku Africa zotulutsidwa kunja, zokhala ndi chithunzi chokongola cha mlambe ndi dzuwa lofiira, koma osatchula dzina la amene akuyimba kapena mudzi wake. Pa mbali imeneyi Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954 ndipo anayenda m'Nyasaland m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo, kuphatikizapo za Amang'anja, anachita bwino posunga zolemba za malo, zida ndi oyimba, moti lero mdzukulu angathe kufufuza mawu a kwawo.

Nyimbo ya Holst yomwe ija ndi imene inanditsegulira mbali yachiwiri ya nkhaniyi. Gawo lake lomaliza, la Neptune, limatha ndi kwaya ya amayi oyimba popanda mawu, ndipo Holst analangiza kuti amayiwo asaonekere kwa omvera koma akhale m'chipinda chapafupi. Pofika kumapeto, chitseko cha chipindacho chimatsekedwa pang'onopang'ono mosagunda, iwo akubwerezabwereza muyeso womaliza, mpaka mawuwo atayika. Womvera sangaloze sekondi imene nyimbo yathera. Amakhalabe akutchera khutu pamene palibenso chomveka, ndipo masekondi amenewo wopeka nyimbo anawakonza dala monga anakonzera ena onse. Ngati masekondi amenewo ali mbali ya nyimbo, n'zosadabwitsa kuti wina anadzafunsa ngati angathe kukhala nyimbo yonse pa okha.

Amene anafunsa funsoli mosabisa ndi John Cage, wopeka nyimbo wa ku America, amene anabadwa mu 1912 n'kumwalira mu 1992. Pa 29 Ogasiti 1952, m'holo ya Maverick ku Woodstock m'chigawo cha New York, katswiri wa piyano David Tudor anakhala pampando kuti ayimbe ntchito yatsopano ya Cage yotchedwa 4′33″. Anatseka chivundikiro cha piyano, nayang'ana wotchi yake, osakhudza kiyi ngakhale imodzi. Patapita masekondi 30 anatsegula chivundikirocho posonyeza kuti gawo loyamba latha. Anatsekanso kwa mphindi 2 ndi masekondi 23, kenako kachitatu kwa mphindi imodzi ndi masekondi 40, zonse pamodzi masekondi 273. Holoyo ndi yamatabwa, ili m'nkhalango ndipo mbali ina ndi yotsegukira panja. Malinga ndi mmene Cage ankafotokozera pambuyo pake, m'gawo loyamba munkamveka mphepo m'mitengo, m'gawo lachiwiri madontho a mvula padenga, ndipo m'gawo lachitatu munkamveka anthu eni ake akunong'onezana ndi kutuluka mokwiya.

Cage sankati wapeka bata. Mfundo yake inali yakuti bata lenileni kulibe. Chaka chimodzi izi zisanachitike analowa m'chipinda china pa yunivesite ya Harvard chomangidwa mwapadera kuti chizimeza mawu onse, akuyembekeza kuti samva kalikonse, koma anamva mawu awiri, ena okwera ena otsika, ndipo katswiri wa pamalopo anamuuza kuti mawuwo akuchokera m'thupi mwake momwe, m'mitsempha ndi m'kuyenda kwa magazi. Analimbikitsidwanso ndi zithunzi zoyera mbee zimene mnzake Robert Rauschenberg anajambula mu 1951, zimene zinalibe chojambulidwapo koma zinkasintha ndi kuwala ndi zithunzithunzi za anthu odutsa. Choncho chimene Cage anapereka ndi mpanda wa nthawi, kuyambira apa kulekeza apa, ndi pempho lakuti omvera atchere khutu ku chilichonse chimene chilowe mumpandamo monga mmene akanatcherera piyano.

Kuti bata lenileni kulibe, ife a kuchigwa kuno tinaziona ndi makutu athu m'chaka cha 2022. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse. Inali nthawi yowawa, anthu anali atataya nyumba, mbewu ndi abale, ndipo sindikuikumbuka mosirira. Koma ndikukumbuka mmene malo ochitira malonda ankamvekera madzulo magetsi akangothima. Masipika a m'mabala ndi a m'nyumba zoonetsera mafilimu ankaduka pa kamodzi, makina owotcherera zitsulo ankaleka, mafiriji ankasiya kung'ung'udza, ndipo kwa kanthawi khutu linkati kuli zii. Kenako zinkayamba kutuluka zimene zinalipo nthawi yonseyo: achule m'madambo, aliyense ndi liwu lake, chitsulo cha mjigo chikugunda, ngolo ikubwerera mochedwa ng'ombe zikupumira m'mwamba, masamba ouma a mgwalangwa akukhulana, belu la kabaza patali, udzudzu pafupi ndi khutu. Zonsezi zinali ndi kukwera ndi kutsika kwake, zina zikuyankhana, zina zikudutsana. Munthu amene anakhalapo pakhonde madzulo otere safunika kumufotokozera nthawi yaitali chimene Cage ankatanthauza.

Vuto limabwera pamene chinthu chimenechi chajambulidwa n'kuikidwa pa chimbale. Zimbale zotere zilipo zambiri, ndipo pa intaneti munthu angathe kusankha 4′33″ ya woyimba uyu kapena ya gulu lija. Ndikaitsegula pafoni ndili ku Nchalo, m'khutu mumalowa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mumalowa kutsokomola kwa munthu wina wa ku London ndi kulira kwa mpando wake, zimene zinachitika zaka zapitazo, ndipo mumalowanso thirakitala yonyamula nzimbe imene ikudutsa pamsewu pompano. Ngati nyimboyo ndi mawu a malo amene womvera ali pa nthawi imeneyo, monga Cage ankaphunzitsira, ndiye kuti thirakitala ndiyo nyimbo, ndipo chojambulidwacho chikungosokoneza. Ngati nyimboyo ndi kutsokomola kwa ku London, ndiye kuti chinthu chimene chinayenera kukhala chatsopano nthawi iliyonse chaumitsidwa, ndipo mawa munthu yemweyo adzatsokomolanso pa sekondi yomweyo. Cage mwiniwake ankadziwika kuti sankakonda zimbale, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake chagona pamenepa.

Wailesi nayo inakumana ndi vuto lakelake. Mu Januwale 2004 gulu la BBC Symphony Orchestra linayimba 4′33″ m'holo ya Barbican ku London, ndipo BBC Radio 3 inaulutsa mwambowo pamene unkachitika. Wailesiyo ili ndi makina amene amati akaona kuti palibe mawu kwa kanthawi amaganiza kuti china chake chaonongeka n'kuyamba kuyimba nyimbo zosungira, choncho akatswiri anachita kuwazimitsa makinawo tsiku limenelo. Makina aja sakanatha kusiyanitsa kukhala chete kwadala ndi kuonongeka kwa waya, chifukwa kusiyanako sikuli m'mawu, kuli m'zimene anthu agwirizana.

Anthu agwiritsa ntchito chimbale chopanda mawu pa zolinga zosiyanasiyana, ndipo si zonse zimene ndimazilemekeza mofanana. Alphonse Allais wa ku France anasindikiza mu 1897 nyimbo ya maliro yokhala ndi mizere yopanda kanthu, ati ndi ya pa maliro a munthu wotchuka amene anali wogontha, ndipo imeneyo inali nthabwala chabe. Mu 2010 gulu la oyimba ku Britain linajambula 4′33″ pofuna kuti ikhale nambala wani pa Khirisimasi, koma inakathera pa nambala 21. Mu 2014 gulu la ku America la Vulfpeck linaika pa Spotify, malo omvererapo nyimbo pa intaneti, chimbale cha zidutswa khumi zopanda mawu, chilichonse cha masekondi pafupifupi 30, n'kupempha owatsatira kuti azichisiya chikuzungulira usiku wonse iwo ali mtulo, ndipo linapeza madola pafupifupi 20,000 chimbalecho chisanachotsedwe. Kumeneko kunali kuchenjera pa malonda, ngakhale kunaonetsa poyera kuchepa kwa ndalama zimene woyimba amalandira nyimbo yake ikamvedwa kamodzi. Chimene chinandikhudza ndi cha mu Febuluwale 2025, pamene oyimba oposa 1,000 a ku Britain anatulutsa chimbale cha mawu ojambulidwa m'masitudiyo ndi m'maholo opanda anthu, potsutsa maganizo a boma lawo ofuna kulola makampani a nzeru za makompyuta (AI) kugwiritsa ntchito nyimbo za anthu popanda chilolezo. Pamenepo kupanda mawuko kunali uthenga womveka bwino, wakuti zipinda zimenezi zidzamveka chonchi ngati oyimba sadzathanso kudya thukuta lawo.

M'kwaya muli malo amodzi amene anandiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi kuposa zonse zimene ndawerenga. Kolasi ya Haleluya ya m'ntchito ya Handel yotchedwa Messiah, imene inayimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, makwaya ambiri a m'Malawi amaidziwa. Chakumapeto mawu onse anayi amathamangitsana, akubwereza liwu lomwelo mwamphamvu, ndipo mwadzidzidzi onse amaima. Pamakhala mpata wopanda mawu, kenako Haleluya womaliza amabwera pang'onopang'ono, wotambasuka. Woyimba aliyense amauopa mpata umenewo, chifukwa mmodzi yekha akalowa msanga tchalitchi chonse chimamumva. Tsiku lina tikuphunzira, mnzathu wina wa besi anafunsa kuti, "Aphunzitsi, pamenepa tiziwerenga kangati tisanalowe?" Iwo anayankha kuti, "Ana inu, pamenepo si popumira ayi. Mukuyimbabe, kungoti pakamwa mwatseka. Yang'anani dzanja langa, musagwetse mapewa." Ndipo n'zoona kuti kwaya imene yagwetsa mapewa pa mpata umenewo imamveka, ngakhale palibe amene watulutsa liwu. Mpatawo ndi wolemera chifukwa cha phokoso limene laudulira ndi limene likuyembekezeka, ndiponso chifukwa anthu makumi angapo augwirira pamodzi mpweya uli m'chifuwa.

Nyimbo zathu nazo zimadziwa mipata yotere, mwina kuposa za ku Ulaya. Wotsogolera nyimbo amasiya malo kuti ovomera alowe, ndipo wotsogolera wosadziwa kusiya malo amatopetsa bwalo. Pa mangolongondo oyimba awiri amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya, moti nyimbo imene ikumveka palibe mmodzi wa iwo amene akuiyimba yonse. Pa ulimba wa Asena, umene anthu angapo amayimbira pamodzi pa chida chimodzi, zikho za pansi pake zimanjenjemera ndi mvema, ndipo ndodo zikaima khutu limatsalabe ndi kunjenjemerako. Pa gule ng'oma zimatha kuduka mwadzidzidzi, mapazi ndi m'manja n'kupitiriza okha mpaka ng'omazo zitabwereranso. M'zonsezi mpata umasiyidwira munthu wina. Tilinso ndi kukhala chete kwa mtundu wina, kwa pamaliro pamene bokosi likutsitsidwa, kapena kwa mphindi imodzi yokumbukira amene anapita ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kumeneko kumakhala kodzaza kwambiri, koma palibe amene amakutcha nyimbo, ndipo palibe amene angakugulitse pa chimbale.

Chifukwa cha zimenezi, 4′33″ ndimailandira pamene ikuchitika pakati pa anthu amoyo, m'chipinda chimodzi, woyimba atakhala pa chida chake ndipo onse atagwirizana kutchera khutu kwa nthawi yoikika. Pamenepo pali wotsogolera, pali ovomera, pali chiyambi ndi mathero, ndipo sindivutika kuiika pafupi ndi nyimbo. Chojambulidwa chake ndimachiona ngati umboni wa tsiku limodzi chabe, wosonyeza mmene holo inayake inamvekera madzulo enaake. Ndipo chimbale chotere chimadalira chikuto kuposa chimbale china chilichonse. Nyimbo ya Holst ingathe kupulumuka timfuti tachidole tija, chifukwa ikangoyamba kumveka chikuto chimaiwalika. Koma fayilo yopanda mawu ikachotsedwa mutu wake ndi dzina la mwini wake, mnyamata wobena nyimbo pamsika wa Bangula angaifufute n'kunena kuti inalowa molakwika, ndipo sangakhale atalakwa. Zolembedwa pachikuto ndi zimene zimauza womvera kuti kupanda mawuku n'kwadala, n'kwa ndani, ndipo akufunsidwa kumvera chiyani.

Pali ntchito ina imene mawu a malo opanda woyimba amagwira, ndipo akatswiri ojambula mawu amaidziwa bwino. Opanga mafilimu akamaliza kujambula m'chipinda amapempha onse kuti akhale chete kwa masekondi makumi angapo, n'kujambula chipindacho chokha, chifukwa chipinda chilichonse chili ndi kamvekedwe kake, ndipo mpata ukadzazidwa ndi zii wa pakompyuta womvera amadzidzimuka ngati chinachake chaduka. Masitudiyo ang'onoang'ono amene amajambula makwaya athu nthawi zina amalakwitsa pomwepa, amadula mipata yonse ndi kupuma konse kwa oyimba pofuna kuti nyimbo imveke yoyera, ndipo chotsatira chake chimamveka chouma. Mawu a malo amasinthanso ndipo amatha. Njanji itakokoloka pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, mbadwo wonse unakulira ku Bangula osamva kulira kwa sitima kumene makolo awo ankadziwira nako nthawi. Dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2017, lili ndi mbalame, mvuu ndi asodzi amene kamvekedwe kawo ka m'mamawa kadzasintha pamene madzi ndi minda zikusintha.

Zojambula zotere ndi zimene ndingakonde kuti tiyambe kusunga kuno kwathu, ndipo sizifuna makina olemera ngati amene Tracey ankayenda nawo pa galimoto, foni yabwino ndi yokwanira poyambira. Ine ndayamba ndi oyimba ulimba a kufupi ndi kwathu, atandilola, ndipo sindidula nthawi imene akukonza zikho, kukambirana nyimbo yoti ayambe nayo, kapena kudikira mnzawo amene wapita kukamwa madzi. Pa fayilo iliyonse ndimalemba mudzi, tsiku, ola, ndi mayina a onse amene anagwira ndodo, ndipo chithunzi chimene ndimaikapo ndi cha iwo omwewo atakhala pa chida chawo.